Kate Kane kapena Ryan Wilder?

Achimwene, mwafunsa kuti mu Batwoman, sewero la pa TV lija, anachita bwino ndani pakati pa Kate Kane ndi Ryan Wilder. Ine ndili kwa Ryan.

Kate, amene Ruby Rose anasewera kuyambira mu 2019, ndi msuweni wa Bruce Wayne (Batman): ndalama zilipo, za usilikali anaphunzirako. Chinkakometsa nkhani yake ndi Alice, chigawenga chija, poti awiriwa ndi mapasa. Koma nkhope ya Ruby Rose inali youma zedi, chisoni sichinkaoneka.

Ryan wa Javicia Leslie anatulukira mu 2021 akugona m'galimoto, atachoka kundende pa mlandu womunamizira. Mzinda wa Gotham ankaudziwa ngati mmphawi, ndipo anyamata a Alice ndi amene anapha mayi omulera. Akakwiya umachita kumva kuti zikuchokera mumtima.