Mwadzala Hass, labereka lina: palibe wakupusitsani

Mayi, mwafunsa chifukwa chake nthanga ya Hass (mtundu wa mapeyala a khungu lokhakhala, lomwe limada akapsa) yomwe munadzala pakhomo panu ku Chibavi, ku Mzuzu, yabereka mapeyala osalala khungu, obiriwirabe ngakhale atapsa. Mtima pansi, sanakunamizeni amene anakugulitsani peyala lija. Mtengo womera ku nthanga sutengera make ndendende. Njuchi zimabwera ndi mungu wa mitengo ya aneba, ndiye chomeracho chimakhala mtundu watsopano, wake wake.

Hass yemweyo anabadwa chonchi. Rudolph Hass, wogawa makalata, anadzala mbande ku La Habra Heights ku California mu 1926. Anayesa kumezanitsapo Fuerte, mtundu wina wa mapeyala, koma sizinagwire, ndiye anangouleka mtengowo kuti ukule. Utabereka, zipatso zake zinali zamafuta, ndipo anaulembetsa kuboma mu 1935. Unafa mu 2002 mizu itawola, koma Hass aliyense amene mumamuona lero ndi nthambi ya mtengo umodzi umenewo, yomezanitsidwa kuchoka pa mtengo kupita pa unzake.

Fuerte ndi wamkulu kwa Hass. Carl Schmidt anatenga nthambi zake ku Atlixco ku Mexico mu 1911. Chisanu choopsa cha mu 1913 chitapha mbande zambiri ku California, mtunduwu unapulumuka, n'kupatsidwa dzina loti Fuerte lomwe m'Chisipanishi limatanthauza wamphamvu. Palinso mitundu ina: Ettinger wa ku Israel ndi mwana wa Fuerte wa ku nthanga. Pinkerton, wa khosi lalitali ndi nthanga yaing'ono, anamera ku Saticoy, ndipo makolo ake amati ndi Hass ndi Rincon. Reed wozungulira ngati mpira uja anachokera kwa James Reed ku Carlsbad mu 1948. Kuno kwathu ku Africa kuli Maluma, yemwe mlimi wina anamupeza m'munda mwake ku Levubu ku South Africa.

Onsewa mizu yawo ndi mafuko atatu: la ku Mexico, la ku Guatemala la khungu lokhuthala, ndi la West Indian lokonda malo otentha, la zipatso zazikulu zamadzimadzi. Thyolani tsamba la mtengo wanu, mulifikinye, mununkhize. Likatulutsa kafungo kotsekemera, muli magazi a ku Mexico.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ku Katoto, ku Masasa, ku Zolozolo kwadzaza mitengo ya nthanga yopanda mayina, ina yokoma kuposa Hass, koma palibe woisunga. Agogo anga anali ndi umodzi kuseri kwa khitchini. Peyala lake linali lalitali ngati chipanda, mkati chikasu, lopanda ulusi, loti kupaka pa buledi simufunanso majarini. Atamwalira, mtengowo unadulidwa pomanga nyumba ya lendi. Tinadzala nthanga zake zitatu, zonse zinabereka zamadzi. Tikanangodula kanthambi n'kumezanitsa, bwenzi tikudyabe.

Ndiye musathamangire nkhwangwa. Lawani kaye mapeyalawo zaka ziwiri. Akakhala osakoma, udulireni mumezanitsepo Hass kapena Fuerte, chifukwa mizu yokhwima kale imafulumiza kubereka. Akakhala okoma, dulani tinthambi tonenepa ngati pensulo, ta maso otupa, mupite nato kwa alangizi a zaulimi kapena kwa odziwa kumezanitsa pa nazale. Muupatse dzina mtengowo, ndipo ine mundisungireko kanthambi kamodzi.