Khadi, kalata ndi mthunzi: mawu a m'bokosi la kompyuta

Funso: Aphunzitsi, ine ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Ndirande. Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex yakale, ija ya pa tebulo yokhala ndi bokosi lopyapyala, ndipo ndinaigula kwa ogulitsa makompyuta amene anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Vidiyo ikakhala yaitali imachita kudukizadukiza, ndiye ndikufuna graphics card yamphamvu. Ndinalembera abale kuti "ndikufuna kupanga apugiredi khadi ya ma graphics", koma amalume anga, amene anali mphunzitsi, anandidzudzula kuti Chichewa cha m'chiganizo chimenechi n'chochita kufunafuna ndi nyali. Ndikanati bwanji? Nanga timati khadi "ya" kapena khadi "la"?

Yankho: Achimwene, amalume anuwo ndawamvetsa, koma nyali yawoyo aunikire nayo pamalo oyenera. M'chiganizo chanucho mawu amene ndilibe nawo mlandu ngakhale pang'ono ndi "khadi". Amene akundipweteka khutu ndi "kupanga", omwe ndi Chichewa chenicheni. Tifikako. Ndiloleni ndiyambe ndi khadi, poti ndi mawu amene ndimawakonda kwambiri.

Khadi ndi kalata ndi pachibale, obadwa mimba imodzi. Agiriki akale ankatcha tsamba la gumbwa lolembapo kuti khartes, Aroma n'kuwatenga mawuwo kukhala charta. Kuchoka pamenepo anayenda njira ziwiri. Apwitikizi anati carta, ndipo atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1500, makolo athu amene ankachita nawo malonda anawamva. Lilime lathu silikonda kugundanitsa r ndi t popanda chopumirapo, choncho linaponyapo a pakati, n'kutuluka kalata, monga momwe sapato inasandukira nsapato ndipo batata anakhala mbatata. Njira yachiwiri inadzera ku France mpaka ku England, kumene mawuwo anafupika kukhala card, ndipo anatipeza mochedwa, m'nthawi ya atsamunda. Mlendo ndi mmodzi yemweyo, anangolowa m'mudzi kawiri, ulendo woyamba podzera kudambo, wachiwiri podzera kumsewu. Tinamulandira koyamba mpaka kuiwala kuti anali mlendo. Tingamukanirenji kachiwiri?

Ine mawu akuti khadi ndinayamba kuwamva kwa mayi anga, amene ankasunga khadi la kusikelo la mng'ono wanga m'kathumba ka shuga kuti lisanyowe. Kenaka panabwera khadi la chipani, limene aliyense wa msinkhu wanga amene anakula chisanafike chaka cha 1994 akulikumbuka bwino. Ku mpira tili ndi khadi lofiira. Mawu amene afika kusikelo ndi pabwalo la mpira sakhalanso obwereka, akhala athu.

Mwaona kale kuti ine ndimati khadi "la". Chifukwa chake chili m'khutu. Mawu oyamba ndi kh amakonda kukhala pamodzi ndi khasu, khutu, khomo, khola, khosi, ndipo onsewa timati langa, lako, lathu. Amene amati "khadi yanga" akutsata kalata yanga, foni yanga, kompyuta yanga, poti mawu ambiri obwera amagwera m'gulu limenelo. Sindingawathamangitse m'kalasi, koma pa pepala langa ndimalemba khadi langa, ndipo inunso lembani choncho.

Pochulukitsa ndiye pali nkhani yokoma. Khasu akachuluka ndi makasu, khutu ndi makutu, khomo ndi makomo, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba. Kampweya kaja ka h kamagwa ma akangobwera kutsogolo. Potsata zimenezi tikanati makadi, ndipo ndamvapo anthu achikulire akutero, zimene zimandisangalatsa chifukwa zikusonyeza kuti lilime lawo lawasandutsa mawuwo kukhala a pakhomo. Komabe pali khalidwe ndi makhalidwe, phunziro ndi maphunziro, pamene h sagwa chifukwa ndi wa muzu weniweni: kukhala, kuphunzira. Khadi linabwera ndi kampweya kake kuchokera m'kamwa mwa Angelezi, ndiye makhadi ali ndi pomwe aima. Apa ndikulola zonse ziwiri.

Tsono "ma graphics". Mawuwa nawonso ndi a Chigiriki, kuchokera ku graphein, kutanthauza kukanda, kulemba, kujambula. Ife tili ndi athu okongola kuposa pamenepa. Chithunzi chinabadwa ku mthunzi. Agogo anga aakazi sankafuna kuima patsogolo pa wojambula, ankati awatengera chithunzithunzi chawo, chija chimatsatira munthu pansi dzuwa likapendeka. Makolo athu ataona nkhope ya munthu pa pepala sanasowe chonena: anati uwu ndi mthunzi wake wagwidwa. Ndikamva wachinyamata akuti "nditumizireni piki" mtima umandiwawa, chifukwa wataya mawu okhala ndi nzeru yonseyi n'kutola kachidutswa kopanda mutu ndi mchira.

Ambiri angathamangire kunena kuti khadi la zithunzi. Kwa inu a mavidiyo zimenezi zingasokoneze, poti mukauza mnzanu kuti akupatseni khadi la zithunzi akupatsani memori khadi ya m'kamera, ija yosungamo zimene mwajambula kuukwati. (Mwaonanso apa, memori khadi ambiri amati "ya". Khutu limatsata mawu oyambawo.) Chimene mukufuna inu sichisunga kanthu. Ntchito yake ndi kuwerengera mtundu wa kadontho kalikonse ka pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kutumiza kuti maso aone. Choncho ine ndimati khadi loonetsa zithunzi. Mukakafika m'sitolo nenani graphics card kuti asakupatseni china, palibe tchimo pamenepo. Koma polankhula ndi amalume, ndi khadi loonetsa zithunzi.

Tafika pa "kupanga". Uyu ndiye matenda a masiku ano. Kupanga apugiredi, kupanga dawunilodi, kupanga sevu, mpaka ndamva kupanga diside. Kupanga ndi ntchito ya manja, timapanga mpando, timapanga njerwa. Tamusandutsa wonyamula katundu wa mawu a Chingelezi amene tachita ulesi kuwaveka zovala zathu. Akuluakulu athu pobwereka mneni sankatero. Anati kusaina, kuvota, kupopa, kupenta, kutchaja, kuwina. Taonani kuti onsewa amathera ndi a, ndipo amabereka ana: kusainira, kusainitsa, kusainidwa, kuvotera, kutchajitsa. Muyeso wanga ndi umenewo. Mawu obwereka akatha kulandira -ira, -itsa ndi -idwa, alowa m'banja. Mukanalemba kuti "ndikufuna kuapugireda", ndikanakwinya nkhope pang'ono chabe, poti munthu angathe kunena "andiapugiredera". Koma "kupanga apugiredi" sikubereka kanthu, ndi Chingelezi chobereka kumbuyo kwa mneni wathu.

Chachikulu n'chakuti mawu a Chingeleziwo amabisa zimene manja anu akachite, pamene Chichewa chimakukakamizani kuti mutchule. Tiyeni tiyese aneni athu mmodzimmodzi.

Kukweza ndiko kumayandikira kwambiri, poti grade anachokera ku gradus, sitepe ya makwerero m'Chilatini. Koma mukati "ndikukweza khadi", womva aganiza kuti mwalinyamula m'mwamba kapena mwalikwezera mtengo. Kukonza ayi, kompyuta yanu sinawonongeke, yangochepa mphamvu. Kusintha khadi kuli bwino ngati muli lina lakale loti muzule. Tsegulani bokosilo muone. Makompyuta ambiri a m'maofesi ngati yanuyo alibe khadi lapadera, zithunzi zimachokera m'purosesa momwemo, ubongo wa kompyuta uja, ndipo mpata wautali wa pa motherboard (bolodi lalikulu limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo), uja wotchedwa PCI Express x16, umangokhala wopanda kanthu. Zikakhala choncho simukusintha chilichonse, mukuikamo khadi. Kachidutswa ka -mo kameneko kakunena zoona zonse. Ndipo chimene chikupindula si khadi, ndi kompyuta: mukuiwonjezera mphamvu.

Mukangonena kuti kuwonjezera mphamvu, Mchewa aliyense afunsa kuti mphamvuyo ichokera kuti. Funso limenelo ndi lomwe limapulumutsa ndalama. Mpata wa PCI Express umapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna ochuluka limafuna chingwe chakechake chochokera ku power supply, kabokosi ka magetsi kaja kali pakona: cha mapini 6 chimawonjezera mawati 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. Mabokosi opyapyala a m'maofesi amakhala ndi power supply ya mawati osafika 300, ndipo nthawi zambiri zingwe zimenezi palibe. Mukagula khadi lamphamvu ngati RTX 3060, limene palokha limadya mawati 170, mwalemba m'madzi, silikwananso n'komwe m'bokosimo. Kumeneko ndiye kukweza kwenikweni, kukweza matumba asanu a chimanga pa njinga ya mwana. Funani khadi lodya za mumpata zokha, ngati GTX 1050 Ti ya 2016 kapena GTX 1650 ya 2019, ndipo likhale la mtundu waufupi umene amautcha low profile, lokhala ndi kachitsulo kakafupi komangira kumbuyo. Liyang'aneni bwino musanalipire, chifukwa ena mwa makhadi a mayina omwewa anapangidwa ofuna chingwe cha mapini 6. GT 1030 ndi yotchipa ndipo imadya mawati 30 okha, koma ilibe mbali ija yotchedwa NVENC imene imafulumizitsa kutulutsa vidiyo, ndiye kwa munthu wa maukwati siithandiza monga momwe akuyembekezera.

Za ukale wa mpatawo musade nkhawa. PCI Express inayamba kupezeka m'makompyuta cha m'ma 2004, kulowa m'malo mwa mpata wakale wotchedwa AGP, ndipo mibadwo yake imamvana: khadi latsopano limagwira mumpata wakale, kungoti liwiro limatsata wakaleyo. Apa pali mawu ena amene achinyamata a m'masitolo amakonda, akuti botoneki, khosi la botolo. Ine sindiwafuna, poti fanizo tili nalo pakhomo. Mangani ng'ombe yonenepa ndi yowonda pa goli limodzi, ngolo iyenda monga ikuyendera yowondayo. Purosesa ikakhala yakale kwambiri, RAM, yosungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito, n'kukhala yochepa, mavidiyo n'kukhala pa hard disk yozungulira ija, khadi lamphamvu lizingodikira anzake. Nthawi zina kudukiza kumene mukudandaula kumachepa mukaikamo SSD, chosungira chofulumira kuposa hard disk, ndi kuwonjezera RAM, khadi lisanagulidwe n'komwe.

Ndanena purosesa, ndiye ndidandauleko pang'ono. Bokosi lonse lija anthu ambiri kuno amalitcha CPU. Ayi. CPU ndi purosesayo, kachidutswa kochepa kuposa chikhato, kobisala pansi pa fani. Bokosi ndi bokosi. Tikulakwitsa Chingelezi cha eni ake pamene mawu olondola ndi apafupi chonchi.

Mukamaliza kuikamo khadi mudzakumana ndi madalaivala. Mawu awa amandisangalatsa. Kompyuta payokha sidziwa kuyendetsa khadi lachilendo, imafuna pulogalamu yoliyendetsa, monga minibasi imafunira dalaivala. Fanizoli likumveka bwinobwino m'Chichewa, choncho ndilibe nawo vuto. Kungoti dalaivala wa minibasi timamupatsa ulemu wa munthu, "adalaivala afika", pamene a m'kompyuta ndi madalaivala basi, ndipo timawaika, sitiwalemba ntchito. Chotsani akale ngati munali khadi lina, muike atsopano ochokera kwa amene anapanga khadilo.

Mdzukulu wanga wina anachita zonsezi bwinobwino, anazimitsa kompyuta, anazula pulagi pakhoma, anagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asaononge khadi, analikankhira mumpata mpaka kachogwirira kanalira kuti tha. Atayatsa anabwera kwa ine nkhope ili gwa, akuti palibe chasintha, amugulitsa chakufa. Chingwe cha sikirini anachisiya pamalo akale, pa motherboard, khadi latsopano lili phee osapatsidwa ntchito. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti, "Kodi loonetsa zithunzi ndi liti?" Analoza khadi. "Nanga sikirini walumikiza kuti?" Anaseka, n'kusamutsa chingwe. Dzina loti loonetsa zithunzi linamuuza lokha pobaya chingwecho. Inu muyang'anenso ngati sikirini yanu ili ya chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu wa mapini 15 chimene IBM inayambitsa mu 1987. Makhadi ndatchulawa nthawi zambiri alibe pobaya chimenecho, ndiye mudzafunika kachingwe kosinthira kuchoka ku HDMI, pobaya pa makhadi atsopanowa, kupita ku VGA.

Amalume alembereni chonchi: "Ndikufuna kuiwonjezera mphamvu kompyuta yanga yakale ija, ndiikemo khadi loonetsa zithunzi." Ngati mutapeza lina m'katimo, muti "ndisinthe khadi loonetsa zithunzi". Ndasunga "yakale" monga munalembera m'kalata yanu, ndipo munalemba bwino. Ena amati kompyuta yokalamba, koma kukalamba ndi kwa zamoyo, munthu, galu, mtengo wa mango. Yakutha ndi imene yafika potayidwa, ndipo yanuyo ikadali ndi maukwati ambiri oti ikonze. Akakufunsani kuti khadi si Chingelezi kodi, muwakumbutse kalata zonse zimene analemba ali mphunzitsi.