Haibulidi wobwereza amabalalikiranji?

Bambo wina wafunsa: "Chaka chatha ndinabzala chimanga cha haibulidi chogula ndipo nkhokwe inadzaza. Ndinasankha zisononkho zikuluzikulu n'kubzalanso. Munda womwewo, feteleza yemweyo, koma china chatalika, china chapinimbira, china chabereka tizisononkho. Mbewu yatha mphamvu?"

Bambo, vuto lili pa mtundu. Njere iliyonse ili ndi makolo awiri. Mungu wa ku ngayaye ndiye mbali ya bambo, ndevu zomwe mungu umagwerapo ndi mbali ya mayi, ndipo aliyense amapereka theka la chibadwa, chimene asayansi amati majini. Majini ena amaphimba anzawo, koma ophimbidwawo safa.

Wansembe Gregor Mendel wa ku Brno, mzinda wa m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic, anafotokoza zimenezi mu 1865. Anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse n'kutuluka aatali. Atabzala mbewu za anawo, anapeza zazitali 787, zazifupi 277, ndiye kuti pafupifupi imodzi pa zinayi zilizonse inali yaifupi. Ufupi uja unangobisala m'badwo umodzi.

Haibulidi ndi m'badwo woyamba umenewo. Amene amapanga mbewu amakwatitsa makolo awiri osiyana, n'chifukwa chake munda umaoneka ngati wometedwa. Mukabwereza, mwabzala zidzukulu, ndipo zonse zobisika zimatulukira poyera. Chisononkho chikule bwanji, sichikuuzani zomwe zili m'njere. Zimandiwawa kuona feteleza wodula chonchi akuthiridwa pa mbewu yotere. Ngati ndalama ya mbewu ikuvuta chaka ndi chaka, funsani mbewu ya OPV, chimanga chamakono chomwe si haibulidi, monga ZM 523 kapena ZM 623, yomwe mungabwereze nyengo ziwiri kapena zitatu. Sankhani zisononkho za pakati pa munda, osati za m'malire.

Mayi wina akudabwa ndi njere zachikasu pa chimanga chake choyera. Mayi, palibe wakuchitani chipongwe. Mphepo yabweretsa mungu kuchokera m'munda wa anzanu, ndipo chikasu chimaphimba kuyera. Ndevu iliyonse imapanga njere yakeyake, choncho chisononkho chimodzi chingakhale ndi abambo ambiri. Kudya idyani, koma njere zimenezo musasunge ngati mbewu.

Za kubwereza mbewu ya mtedza wa CG7, soya ndi nyemba musade nkhawa kwambiri. Duwa lake limadzipatsa lokha mungu, ndiye ana amafanana ndi kholo. Chachikulu ndi kusasakaniza mitundu posunga.