Mukaikweza galimoto yanu, waranti ikhalapobe?

Bambo a ku Chilenje,

Kalata yanu ndailandira. Mwati munagula double cab yatsopano chaka chatha muno mu Lusaka, ya waranti ya zaka zitatu kapena makilomita 100,000, ndipo pano yayenda 28,000 okha. Msewu wa kumunda kwanu kuseri kwa Chongwe wakutopetsani, ndiye mukufuna kuikweza, kuika matayala akuluakulu ndi bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto). Makaniko wina wakuuzaninso kuti akhoza kusintha kompyuta ya injini kuti izikoka ngati thirakitala. Mukufunsa ngati waranti idzathere pomwepo.

Yambani mwatulutsa kabuku ka waranti, kaja kamagona m'kabokosi ka kutsogolo kasanatsegulidwe chigulireni. Waranti ndi pangano. Opanga galimoto amalonjeza kukonza mwaulere chimene chawonongeka chifukwa cha kulakwa kwawo, inu n'kulonjeza kuchita sevisi pa nthawi yake ndi kusaika zinthu zimene iwo sanavomereze. Pezani ndime yonena za kusintha galimoto, muiwerenge mofatsa. Mabuku ambiri amati sadzalipira chowonongeka chimene chadza chifukwa cha kusinthako. Ena amalemba mwaukali ngati kuti mukangokhudza bawuti imodzi zonse zatha. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kumene kumagamula mlandu.

Anzanu ena akuuzani kuti ogulitsa sangakane waranti pokhapokha atasonyeza kuti chimene munaikacho ndicho chinawononga. Zimenezo anaziwerenga pa intaneti, ndipo zimachokera ku lamulo la ku America la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act. Silidutsa nyanja limenelo. Kuno timadalira lamulo loteteza ogula lotchedwa Competition and Consumer Protection Act la 2010. Ndime 49 imaletsa kugulitsa katundu wachilema kapena wosayenera ntchito yake, ndipo ndime 53 imati mfundo ya m'pangano yopondereza wogula mopyola muyeso simumanga wogulayo. Choncho wailesi ikafa kapena penti ikayamba kusupuka, iwo n'kukana ati chifukwa munaika matayala aakulu, muli ndi poyambira, pakuti tayala ndi wailesi sizidziwana. Koma giya bokosi ikalira, kapena ma CV joint (mfundo za zitsulo zopereka mphamvu kumawilo) akatha msanga galimoto itakwezedwa, mudzavutika. Kukweza kumapendeketsa zitsulo za kumawilo, matayala aakulu amalemetsa ntchito ya giya ndi mabuleki, ndipo injiniya wawo adzazifotokoza bwinobwino pamaso pa woweruza. Wodandaula ndinu, ndiye umboni woti chilemacho chinachokera ku fakitale udzafunika kwa inu.

Za kompyuta ya injini ndinene mosabisa: dikirani. Kusinthako kumawonjezera mafuta olowa ndi mphamvu ya turbo, ndipo makina a ogulitsa nthawi zambiri amatha kuona kuti munthu analowamo, ngakhale makaniko atalumbira kuti adzabwezeretsa zonse mmene zinalili. Injini ndi giya bokosi ndizo zodula kuposa chilichonse pa galimotoyo, ndizonso zimene waranti imakutetezerani kwenikweni. Mwatsala ndi zaka ziwiri kapena makilomita 72,000, chimene chiyambe kukwana. Funsani mtengo wa injini yatsopano, muuike pambali pa chisangalalo chopitirira malole pa Great East Road, muone chimene chikulemera. Ndaonapo bambo wina atakhala muofesi mwanga ndi pepala la mtengo wa injini m'manja, akulitembenuzatembenuza ngati kuseri kwake kuli nambala ina yocheperako.

Bull bar, mashoko ndi matayala ndi nkhani yokambirana. Ogulitsa ambiri ali ndi zipangizo zimene amavomereza, ena amaika okha. Alembereni kalata kapena imelo yotchula chipangizo chilichonse ndi dzina lake, muwafunse mbali za waranti zimene zikhudzidwe, ndipo ayankhe polemba. Zoti "musadandaule bwana, ikani" zonenedwa ndi mnyamata wa pa kauntala sizidzakuthandizani, mawa adzakhala atasamukira ku Kitwe. Bull bar ikhale yogwirizana ndi ma airbag a galimoto yanu. Sungani malisiti onse, jambulani galimoto isanasinthidwe, ndipo zitsulo zimene achotsa musazisiye ku galaja.

Musaiwale a inshulansi. Lamulo limafuna kuti muwauze chilichonse chimene chingasinthe maganizo awo pa za chiopsezo, ndipo mukabisa akhoza kukana kulipira tsiku la ngozi. Mukadzasintha injini yeniyeniyo kapena mtundu wa penti, a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, adziwe, n'cholinga choti white book (chikalata cha umwini wa galimoto) igwirizane ndi galimoto.

Tsopano akakukanirani waranti mutani? Pemphani chifukwa chake polemba, pamodzi ndi lipoti la makaniko wawo. Musalole kuti ataye chitsulo chowonongekacho. Pezani injiniya wodziimira payekha achione, alembe zimene wapeza. Kenako alembereni kalata yowapatsa masiku, tinene 14, kuti akonze. Akapanda kutero kadandauleni ku CCPC, bungwe loteteza ogula, mutanyamula lisiti yogulira, kabuku ka sevisi kodindidwa ndi makalata onse. Chigamulo chawo chikapanda kukukomerani, muli ndi masiku 30 ochitira apilo ku Competition and Consumer Protection Tribunal. Njira ya kukhoti nayo ilipo, pa mlandu wophwanya pangano, ndipo nthawi yosumira ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma milandu yotere imadya ndalama za akatswiri moti nthawi zina chitsulocho chimatsika mtengo kuposa mlanduwo.

Zonsezi ndanena ndisanaone kabuku kanu. Jambulani masamba onena za zimene waranti salipira, pamodzi ndi pangano logulira, munditumizire musanapereke dipoziti kwa makaniko uja.