Injini ikazima kandege kali pamwamba pa nyanja

Funso: A Mkonzi, kandege kakang'ono injini ikazima kali pamwamba pa nyanja yamchere, basi ndiye kuti onse apita?

Yankho: Ayi ndithu, sikagwa ngati mwala. Mapiko amagwirabe ntchito, moti ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 172 ikazima ili mamita 1,000 m'mwamba itha kuyenda makilomita pafupifupi 9 ikutsika pang'onopang'ono. Kawirikawiri vuto limakhala mafuta, atha kapena alowa madzi. Payiloti amayesa kulizanso injini, zikakanika amaitana Mayday (mawu opemphera thandizo pa ngozi) pa wayilesi, pa 121.5 MHz, nkutera motsata mzere wa mafunde osati kuwagunda maso ndi maso, chitseko atatsegula kale poti chikapindika simutuluka. Koma chonde, life jacket (jekete yoyandamitsa munthu pamadzi) osaipopa muli mkati, madzi akalowa imakukanikizirani kudenga, popani mutatuluka. Ambiri amapulumuka poterapo, chimavuta ndi kuzizira kwa madzi podikira thandizo.