Funsani za Maso: Kodi ndidzalowetsanso ulusi pa singano?

Mayi, ndine telala ku Mayfair, ndili ndi zaka 54. Ndinayamba kuona timadontho takuda ndi kung'anima ngati mphezi, kenako chinthu chonga katani chinatsika pa diso lamanja. Ndinadikira masiku asanu chifukwa ndinali ndi madiresi a ukwati. Anandichita opaleshoni yomata retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, n'kuikamo mpweya. Patha milungu itatu koma ndikuona mwachimbuuzi. Kodi pali chipangizo chodziwira ngati ndidzaonenso bwino?
Telala wodandaula, Mayfair

Bambo, pepani kwambiri. Ndakhala zaka zambiri m'chipinda choyezera maso muno mu Johannesburg, ndipo mantha anuwo ndimawadziwa. Koma milungu itatu yachepa kuti diso tiliweruze. Mpweya womwe amaika m'disowo umatchinga kuona mpaka utachepa: wa mtundu wa SF6 umatha pa milungu iwiri kapena itatu, pomwe wa C3F8 umatenga milungu 6 mpaka 8. Ukamachepa mudzaona kamzere kogwedera ngati madzi a m'botolo, kakutsika tsiku ndi tsiku, ndipo pamwamba pa kamzereko ndi pomwe muyambire kuona.

Mukapita kokaonedwanso, funso loyamba kwa adokotala likhale ili: "Kodi macula inali itamatuka?" Macula ndi kamalo kakang'ono pakatikati pa retina, komwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Ndi komweko komwe kamaona kabowo ka singano. Ngati chimdima chija sichinafike pamenepo, ambiri amabwerera pafupi ndi momwe ankaonera kale. Ngati chinafika, masiku omwe macula inakhala yomatuka amawerengedwa, ndipo opaleshoni ya m'masiku atatu oyamba ndiyo imapindula kwambiri. Masiku asanu anu aja asakusowetseni tulo. Mwina katani inayambira m'mbali n'kufika pakati mochedwa, ndipo fayilo yanu ndiyo ili ndi yankho.

Chipangizo chomwe mukufunsacho chilipo, dzina lake OCT. Mumaika chibwano pa kathabwa, n'kuyang'ana kanyali, osakhudzidwa diso, ndipo chithunzi chimatuluka choonetsa retina ngati nsalu zosanjikiza zitadulidwa ndi sizasi. Ine maso anga amathamangira pa kamzere kowala ka m'munsi, kotchedwa ellipsoid zone, pomwe pali maselo olandira kuwala. Kakakhala kolumikizana pansi pa macula mtima wanga umakhala m'malo. Kakaduka, kuona kumabwera pang'onopang'ono, mwinanso sikufika pomwe kunali, ngakhale kuti kwa ena kamzereko kamalumikizananso pakapita miyezi. N'chifukwa chake chithunzi chimodzi sichikwanira. Pemphani kuti akuonetseni cha lero pambali pa cha ulendo wotsatira. Diso limapitiriza kuchira miyezi 6 mpaka chaka, nthawi zina kupitirira.

Pa tchati cha zilembo lembani nambala yanu m'kabuku ka miyezo ya makasitomala. Akati 6/60 ndiye kuti mukuona pa mamita 6 chomwe diso labwino limaona pa mamita 60. Akakupatsani kachotchinga ka tibowo ndipo zilembo n'kuwala, magalasi adzakuthandizani. Mizere yowongoka ikamaoneka yokhota, ngati mpendero wosokedwa mothamanga, auzeni.

Pa msinkhu wanuwu ng'ala imakonda kubwera m'chaka chimodzi kapena ziwiri pambuyo pa opaleshoni yotere. Kuona kukadzayambanso kuchita chifunga pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi ng'alayo, ndipo imachotsedwa.

Chomwe ndikuchondererani n'chakuti musakwere ndege yopita ku Chileka kapena ku Lilongwe mpweyawo usanathe. M'mwamba umafufuma ndipo ungathe kupha diso. Ngakhale ulendo wa basi, yambani mwafunsa adokotala, poti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo njira yakumudzi n'njokwera ndi kutsika. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kapena katani ija ikabweranso, kaya ndi ku diso lamanzere, tsekani shopu mupite kuchipatala tsiku lomwelo, madiresi adikire.