Bambo a madzi m'mimba atentha thupi, musadikire tsiku la kiliniki

Achemwali, mwati bambo anu amadwala chiwindi, mimba inadzaza madzi, ndipo kuyambira dzulo akutentha thupi, m'mimba mukupweteka komanso akuyankhula zosokonekera. Mukufunsa ngati mungowapatsa panado n'kudikira tsiku lawo la kiliniki. Chonde musatero. Apite lero lomwe, kuchipatala chokhala ndi labu.

Chiwindi chikauma, madzi aja amakhala opanda chitetezo. Tizilombo ta m'matumbo, makamaka E. coli ndi Klebsiella, timadutsa n'kukaswana m'madzimo popanda bala lililonse. Ena satentha n'komwe thupi, amangoyamba kusinza masana kapena mkodzo kuchepa, ndiye achibale amachedwa kuzindikira.

Mukafika pemphani kuti akoke madzi pang'ono ndi singano akawayeze, makamaka asanabaye mankhwala. Alabu amawerenga maselo oyera otchedwa neutrophil: akafika 250 pa mm³ imodzi, ndiye kuti madzi aja agwidwa ndi tizilombo, ngakhale tizilomboto tisanamere m'botolo loyezera ku labu. Mankhwala ake ndi ceftriaxone kapena cefotaxime wa m'mitsempha, masiku 5 mpaka 7. Pakatha maola 48 osasintha, akokenso madzi. Maselo aja akapanda kutsika ndi gawo limodzi mwa anayi, mankhwala asinthidwe.

Chimene chimapha ambiri pa matendawa ndi kulephera kwa impso. N'chifukwa chake madokotala amaimitsa kaye mankhwala okodzetsa, lasix ndi spironolactone, ndipo komwe albumin (puloteni wa m'magazi woperekedwa m'dripu) akupezeka amapereka 1.5 g pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku loyamba ndi 1 g pa kilogalamu iliyonse tsiku lachitatu. Inu kunyumba musawapatse brufen, diclofenac kapena mankhwala azitsamba. Gentamicin, jakisoni wopha tizilombo, nayenso amaononga impso, mukamva akutchulidwa kumbutsani kuti bambo ali ndi vuto la chiwindi. Panado asapitirire 2 g patsiku. Mkodzo muziuyang'anira, ukachepa uzani anamwino msanga.

Kwathu kuno TB ya m'mimba imabweranso ndi madzi ndi kutentha thupi, koma imayamba pang'onopang'ono ndipo m'madzi mumachuluka maselo a mtundu wina, ma lymphocyte. Funsani ngati aganizirako zimenezi.

Akachira, popanda mankhwala oteteza matendawa amabwereranso kwa odwala pafupifupi 7 mwa 10 chaka chisanathe. Asatuluke osakambirana za ciprofloxacin kapena bactrim womwa tsiku lililonse. Mowa ausiye, ndipo akasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati phula, abwerere tsiku lomwelo.